Mkazi Wamkulu wa Fatsani

Agogo aNachisale tinawaika mwezi wathawu, mpunga titangomaliza kupuntha. Anachoka monga momwe ankakhalira, akulalata. Mawu omaliza amene anandiuza ine anali akuti ndabwera kudzazonda wodwala chimanjamanja, n'chifukwa chake anandisudzula. Ndipo sananame ayi. Anandisudzuladi, kalekale ndikadali kupulayimale.

Nonse mukudziwa kuti gogo wamkazi ndi mdzukulu wake wamwamuna amatchulana mkazi ndi mwamuna. Kwina konse nthabwala imeneyi imathera pa moni. Koma kwathu kwa Maganga agogo anaitenga ngati ntchito yolembedwa. Adzukulu aamuna tonse tinali amuna awo, aliyense ndi udindo wake: uyu wotema nkhuni, uyu wogula sopo, uyu wongodya. Ine mlandu wanga unali wakuti ndinanena pagulu kuti therere lawo lachuluka soda. Abale inu! Anaitana agogo anzawo awiri kuti akhale ankhoswe, n'kundikhazika pansi pabwalo, nkhani n'kuzengedwa mpaka dzuwa kupendeka, ine misozi ili chuchuchu. Chigamulo chinali chakuti ukwati watha, koma kudya ndizidzadyabe chifukwa cha chifundo. Lero ndine bambo wa ana, ndimaperekera alendo chakudya pa loji ina ku Senga Bay, koma pamudzi pathu dzina langa ndi Wosudzulidwa.

Mwamuna amene sanasudzulidwepo anali mmodzi yekha, Fatsani.

Fatsani anali mwana wa mayi anga aang'ono, a Esinati, chitsirizira cha agogo. Bambo ake anali msodzi wa ku Nkhotakota amene anadzakhala pachikamwini, koma khasu linawakana. Analima dzinja limodzi, manja n'kuchita matuza, n'kunena kuti akukaona ukonde wawo. Mpaka lero akuuonabe. A Esinati anadwala n'kumwalira mwana asanasiye bere, agogo n'kumutola. Ankamubereka kumbuyo akuwokera mpunga, madzi ali m'mawondo, mwana akulira mosalekeza. Dzina loti Fatsani anamupatsa pomupempha kuti afatse, koma mnyamata ameneyo sanafatsepo tsiku ndi limodzi lomwe.

Agogo ankanena kuti usilikali anamuphunzitsa ndi iwo, boma linangomugulira nsapato. Umboni wawo unali nkhondo ya mpheta. Mpunga ukayamba kucha, ana tonse tinkatumidwa kukaingitsa mbalame, ndipo enafe tinkangoimba zitini n'kumaodzera pamthunzi. Fatsani ayi. Ankakwawa chafufumimba m'matope, legeni ili m'kamwa, mthumba mwadzaza timipira ta dongo. Agogo ankaima pamzere wa munda, ndodo ataikoleka paphewa ngati mfuti, akulamula: “Adani alowera kumadzulo! Amunanga, mwagona kodi?” Chaka china mdani amene anagwa sanali mpheta koma nkhuku ya amalume, a Layisoni. Agogo anaiphika tsiku lomwelo n'kutumiza ntchafu imodzi kwa mwini wake, ati pankhondo zoterezi zimachitika.

A Layisoni ndi mwana woyamba wa agogo, mwini mbumba yathu, mkulu wa mpingo, munthu amene malaya ake amamanga mpaka batani la pakhosi ngakhale mu Okutobala. Si munthu woipa. Fizi ya Fatsani kusekondale ankalipira ndi iwo, ndipo sanaitchulepo. Koma nthabwala ya ukwati ija ankadana nayo kwabasi.

“Mayi,” ankatero, “mwakula. Zachibwanazi zimatichotsa ulemu.”

“Ulemu unaphikapo ndiwo ziti?” agogo ankayankha akufwenkha fodya wawo wa m'mphuno. “Iwe Layisoni, Baibulo unaliona utamera kale mano. Ine ndinakuona ulibe ndi kabudula yemwe.”

Ankakangana za fodya, ankakangana za kwaya ya amayi imene agogo ankaitsogola poimba ndi mzere wathunthu mpaka anawasamutsira kumbuyo, ankakangana ngakhale za mvula. Agogo ankati mwana ameneyu anabadwa ali kale ndi zaka makumi anayi. Komabe tsiku likatha asanabwere kudzakangana nawo, ankatuma munthu kukaona ngati wadwala.

Tsiku limene Fatsani anamaliza maphunziro a usilikali sindidzaliiwala. Sukulu yake ili konkuno ku Salima, choncho tinakwera makabaza, agogo atakhala cham'mbali, duku latsopano lili njo, akulangiza woyendetsa njira imene iye amaidziwa kale. Pageti panali msilikali wachinyamata, wooneka kuti anakulira m'tauni.

“Ndinu ndani wake, agogo?”

“Mkazi wake.”

Mnyamata uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Agogo, ndikufunsa zenizeni.”

“Nane ndikuyankha zenizeni. Pamene ndinkamusambitsa unali kuti iwe? Tsegula, ndachedwa.”

Anatsegula, kukamwa kuli yasa. Mkatimo perete itafika poti aliyense akhale chete, bwalo lonse lili zii, agogo anaona Fatsani pamzere wachiwiri. Nthungululu inalira yokhayokha ngati wezulo. Kenako mawu: “Kwezani mwendo, amunanga! Musandichititse manyazi kwa eni ake!” A Layisoni anabisa nkhope m'chipewa. Fatsani anapirira, tsaya likunjenjemera, koma anzake oyandikana naye mapewa ankagwedezeka. Kuchokera tsiku limenelo asilikali anzake sanamutchulenso Fatsani. Dzina lake linali Amunanga, ndipo iye ankavomera.

Ankati akabwera patchuthi, asanafike kwina kulikonse, ankayamba waima pabwalo la agogo, mapazi pamodzi, n'kuwachitira sawatcha. Iwo ankamuzungulira pang'onopang'ono, kumukoka lamba, kumununkhiza kolala, ati akufufuza mafuta odzola a akazi ena. Akatero ankamupatsa khasu. Msilikali wa boma ankavula nsapato n'kulowa m'matope ngati wina aliyense, akuimba nyimbo zoguba, agogo akuyankha mawu awoawo amene sindingawalembe pano.

Ulendo wina kununkhiza kuja kunapeza kanthu. Anali atatsala pang'ono kunyamuka kupita ku Congo, kumene asilikali athu amapita kukasungitsa mtendere pakati pa nkhondo ya eni. Ine ndinalipo, ndikudya chinangwa changa cha chifundo pakhonde. Fatsani anafika ndi chitenje chatsopano ndi paketi ya shuga, n'kugwada, yunifolomu ili m'thupi.

“Akazi anga, ndalakwa. Ndaona wina.”

Agogo anatembenukira kukhoma. “Mayo ine! Ndakalambira pakhomo pano, lero mwandipezera kamtsikana! Ali kuti wakubayo?”

Wakubayo anali atabisala kuseri kwa nkhokwe. Anatuluka, mpango utaphimba mutu ndi khosi, n'kugwada patali. Dzina lake Asiyatu, wa ku Senga Bay, woyanika usipa pa mathandala a amalume ake. Makolo analibe. Agogo anamukodola, n'kumugwira manja, kuwatembenuza uku ndi uku, kenako n'kumununkhiza.

“Usipa,” anatero. “Bola. Ndiwo sizisowa pakhomo pano. Koma umvetse, mwana iwe: wamkulu ndine. Mutu wa chambo ndi wanga.”

“Ndamva, agogo.”

“Agogo ako ndani? Uziti akulu.”

Tonse tinaseka, Asiyatu yemwe, atagwira pakamwa. Koma kuseka kutatha agogo anafunsa mwa mawu ena, otsika, ngati ankhoswe akudziwa. Fatsani anaweramitsa mutu. Anati a Layisoni sangamve za mtsikana wachisilamu, amalume a Asiyatu sangamve za mnyamata wa kutchalitchi, ndipo nkhani yotere imafuna nthawi, pamene iye nthawi analibe. Akabwerako adzaikonza bwinobwino.

“Pita, ubwere msanga,” anatero agogo. “Ine ndavomera.”

Sanabwere. Foni ankaimba, agogo n'kumakuwa ngati akufuna mawu akafike ku Congo okha popanda foniyo. Ankamufunsa ngati kumeneko kuli mpunga, ngati akufunda, ngati sanapezeko wachitatu. Kenako tsiku lina masana, tikuwokera mpunga, galimoto ya asilikali inaima pamsewu, amuna awiri n'kutsika atavula zipewa. Anati gulu lake linagwa m'manja mwa zigawenga panjira, ndipo Fatsani anali kutsogolo. Sindinadabwe kuti anali kutsogolo. Ndinakhala pansi m'madzi momwemo, ndinalira ngati mwana, ndipo mpaka pano ndikaona mnyamata wovala yunifolomu pamsewu wa ku Senga Bay mtima umandipweteka. Fatsani anali asanakwane ndi zaka makumi atatu zomwe.

Agogo sanalire mokuwa. Anangoti chete. Masiku onse amene tinkadikira thupi sananyoze munthu, sanafwenkhe fodya, ndipo mudzi unachita mantha ndi chete ameneyo kuposa maliro enieniwo.

Asiyatu anafika m'mawa wa tsiku loika. Apa n'kuti pathupi pakuoneka. Amalume ake anali atamuthamangitsa atangozindikira, ndipo ankagona kwa mnzake wina wogulitsa nsomba. Analunjika kunyumba ya siwa, kumene amayi achibale anakhala mozungulira bokosi, koma a Layisoni anatuma amayi awiri kukamubweza pakhomo. Ine ndinapita kukawanong'oneza a Layisoni zimene ndinaona tsiku lija.

“Unaona ankhoswe?” anandifunsa.

“Ayi, amalume.”

“Ndiye unaona masewera. Pamaliro a msilikali atsikana a mimba sasowa. Sitikumudziwa. Ndipo ngakhale tikanamudziwa, mwana ndi wa kuchikazi. Apite kwawo.”

Kwawo kunalibe, ndipo tonse tinkadziwa. Akanachoka tsiku limenelo osatchulidwa pamaso pa anthu, mwana wa Fatsani akanabadwira kuseri kwa mathandala, wopanda mudzi, wopanda womuuza kuti bambo ako anali wakutiwakuti. Asiyatu sanatsutse. Anakaima kumapeto kwa khamu, pansi pa mtengo wa mango, yekhayekha.

Kumanda asilikali anachita zawo. Lipenga linalira, mfuti zinaomba, ana n'kubalalika kuthawira m'chinangwa. Anachotsa mbendera pabokosi, n'kuipinda mosamala mpaka inakhala kachinthu kakang'ono, mkulu wawo n'kuinyamula m'manja awiri. Anafunsa a Layisoni kuti wolandira ndani.

“Malemuyu sanakwatire,” anatero a Layisoni, akukonza jekete kuti alandire okha.

“Ndani wati sanakwatire?”

Anali agogo, pamphasa pawo pakati pa amayi. Aka kanali koyamba kumva mawu awo chibwerere galimoto ija.

“Nanga ine ndine chiyani? Chitsa?”

Adzukulu okumba manda, amene mwambo umawalola kuseka pamaliro, anayamba ndi iwo. Kuseka kunayenda m'khamu monyinyirika, anthu akubisa pakamwa. A Layisoni ananong'oneza kuti mayi, pano si pamalo pake. Koma mkulu wa asilikali uja anali atatembenuka kale. Anayang'ana agogo, nkhope yake n'kusintha.

“Kodi inu ndi amayi aja a kuperete?” anafunsa. “Amunanga ankatisimbira za inu tsiku lililonse.”

Anapita, anagwada bondo limodzi, n'kuika mbendera m'manja mwawo. Ataimirira anawachitira sawatcha, ndipo anyamata onse onyamula bokosi anachita chimodzimodzi, ena misozi ikutsika. Tinkaganiza kuti zathera pomwepo.

“Zikomo, bwana,” anatero agogo. “Koma amunanga anali a mitala. Tilipo awiri. Itanani mkazi mnzanga.”

Palibe anasuntha. Kuseka kuja kunazima.

“Ndati itanani mkazi mnzanga! Kapena mwagontha ndi mfutizi?”

Ataona kuti aliyense akuyang'ana a Layisoni, anadzuka okha. Ndodo kudzanja limodzi, mbendera kudzanja lina, anadutsa pakati pa khamu, anthu akupatuka. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa mtengo wa mango paja, n'kumugwira Asiyatu padzanja, n'kubwerera naye njira yomweyo mpaka pamphepete pa dzenje.

“Mayi,” anatero a Layisoni, tsopano mokweza, “ukwati umadziwika ndi ankhoswe.”

“Mwamuna akafuna kutenga wachiwiri amayamba wauza ndani?” agogo anafunsa, osati kwa iwo koma kwa khamu lonse.

“Mkazi wamkulu!” anayankha mayi wina kumbuyo.

“Anandiuza. Anagwada, chitenje chake ndi ichi ndavalachi. Ndinavomera. Mudzi wonse uno mwakhala mukunditcha mkazi wa Fatsani kuyambira ali kumbuyo kwanga, abusa omwe. Bwana uyu wandipatsa mbendera ya boma pamaso panu, palibe watsutsa. Lero ndiye mukufuna kundiuza kuti zinali zamasewera? Ngati ine ndili mkazi wake, uyu ndi mnzanga. Ngati uyu si mkazi wake, bwana, tengani nsalu yanu.”

Anatambasula mkono. Mkulu wa asilikali uja sanailandire. Anangoima njo, maso kutsogolo. Abusa anatsokomola n'kuyang'ana m'buku la nyimbo.

Agogo anaika mbendera m'manja mwa Asiyatu, pamwamba pa mimba, n'kuwerama kutapa dothi. “Tapa nawe,” anatero. “Nsanje yathera pano.” Anaponya limodzi. Ndipo pamenepo ndi pamene agogo analira, kulira kwenikweni, atakoleka mkono m'khosi mwa mtsikana amene anali atamuona kamodzi kokha.

Chimene chinawadzutsa pamphasa paja ndinachimva patapita nthawi, kwa Asiyatu. Amuna awo enieni a agogo, agogo athu aamuna amene sitinawaone, anapita ku Joni n'kuwasiya ndi pathupi pa a Esinati. Anatchona. Atamwalira kumeneko, abale awo analira maliro kwawo, anameta, anamaliza zonse osatumiza ndi mwana yemwe kudzanena. Agogo anakamva pachitsime, amayi ena akukambirana ngati nkhani ya eni. Anauza Asiyatu kuti tsiku limenelo anasenza ndowa yawo n'kubwerera kunyumba osauza munthu, chifukwa wamasiye amene sanaitanidwe alibe polirira.

Pa tsiku lometa a Layisoni anayesanso. Anati chabwino, zachitika, koma tsopano mtsikanayu asudzulidwe monga mwa mwambo, abwerere kwa abale ake. Agogo anavomera msangamsanga, mpaka tinadabwa. Anati mwambo ndi mwambo, amasiye asudzulidwe, onse awiri. Iwo amanga katundu wawo, apita ndi mnzawo ku Senga Bay kukayanika usipa, ndipo anthu akafunsa adzanena kuti mwana wawo woyamba, mkulu wa mpingo, wawasudzula. Nkhani inathera pomwepo. Asiyatu analowa m'nyumba ya agogo tsiku lomwelo.

Zaka zimene zinatsatira, ndikunena zoona, ndi zimene pakhomo paja panasekedwa kwambiri. Agogo anali ndi khola la nkhumba. Sabata yomweyo anazikusa zonse kupita nazo kwa a Layisoni, ati zizikawathandiza kung'ung'udza. Nkhuku ankapita nayo kwa mnansi wachisilamu kuti akazinge, akudandaula njira yonse kuti mitala ndi yodula. Mwezi wa Ramazani ankalengeza kuti nawonso amanga, sangadye mnzawo ali ndi njala. Dzuwa likangokwera pang'ono unkawapeza kuseri kwa bafa, chinangwa chootcha chili m'chitenje.

“Akulu, Walahi ndakuonani,” ankatero Asiyatu.

“Waona chiyani? Ndikulawira mwana.”

Lamulungu Asiyatu ankawasitira chitenje n'kuwaperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi. Lachisanu agogo ankamulondera mwana kuti iye akaswali. Ankakangana dala pabwalo, anthu odutsa amve: uyu akuti wamng'ono wamaliza sopo, uyu akuti wamkulu wabisa shuga. Agogo ankamuuzanso kuti iwe ukadali mwana, usaume ngati ine, ukapeza mwamuna wabwino ubwere naye tidzagawane. Asiyatu, amene anafika pamudzi pathu wosatha kuyang'ana munthu kumaso, anasanduka wolongolola mpaka ine ndinayamba kumuopa. Nayenso amanditcha Wosudzulidwa.

Mwana anabadwa wamkazi. Achibale ena anabwera ndi maina awo achisoni, a Masiye, a Mwatitha, agogo n'kuwabweza nawo. Anati mwana wa Fatsani sangasenze maliro pamutu moyo wake wonse. Anamutcha Sekani, mayi ake n'kuwonjezera Zainabu. Makutu anatengera bambo ake, otambalala ngati zogwirira za poto, moti ngakhale wakhungu akanawapapasa akanadziwa mwini wake. A Layisoni anawaona makutuwo mwana ali kumbuyo kwa mayi ake pachigayo. Anayang'ana nthawi yaitali, osanena kanthu.

Ndipo sananene kanthu zaka zonsezo. Kudzakangana ndi mayi awo ankabwerabe, koma ankaima pabwalo, m'nyumba osalowa. Asiyatu akawapatsa moni ankayankha akuyang'ana kumbali. Dzina lake sanalitchulepo. Ankangoti “mtsikana uja”. Sekani akawathamangira ankamusisita pamutu mwachangu, ngati akuopa kuti wina awaona. Tonse tinkadziwa kuti chimene chikumusunga Asiyatu pamudzi paja ndi mpweya wa agogo basi. Nyumba ili pamalo a mbumba, munda wa mpunga ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba anali asanavomere.

Agogo nawo ankadziwa. Atayamba kudwala chaka chino, Asiyatu ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala. Ndinawamva tsiku lina akuuza a Layisoni kuti ali ndi mawu oti awasiyire. A Layisoni anasendera pafupi ndi zenera. Agogo anawayang'ana, n'kunena kuti batani la pakhosilo amasuleko, akuwapatsa befu. Za Asiyatu sananene chilichonse. Ine zinandipweteka, ndinaona ngati aiwala. Pano ndimaganiza kuti anadziwa kuti mwana wawoyo ukamulamula amauma khosi.

Tinaika, tinameta. M'mawa wotsatira ndinapita kukathandiza kubweza mabenchi a tchalitchi, ndipo ndinapeza katundu ali pakhonde: chikwama chimodzi, mtolo wa ziwiya, ndi mbendera ija itakulungidwa m'pulasitiki. Sekani anali atavekedwa nsapato. Asiyatu anati sakufuna kudikira kuti achite kuuzidwa. Akayesa kwa mnzake uja wa nsomba, Inshallah Mulungu aona. Ndine mphwake chabe wa mwini mbumba, ndipo mawu anga pamudzi paja salemera.

“Odi!”

Tinatembenuka. A Layisoni anali ataima pabwalo, mutu wometa uli mbee, chipewa chili m'manja. Zaka zonsezi anali asanaodirepo pakhomo pamenepo kwa wina koma mayi awo. Asiyatu anagwada msanga.

“Wawa, amalume. Tikunyamuka kumene.”

Anayang'ana chikwama, anayang'ana mtolo, anayang'ana makutu a Sekani. Anakonza pakhosi kawiri. Munthu amene amalalikira mpingo wonse popanda pepala, mawu anamuthawa.

“Amayi aang'ono,” anatero potsiriza, “katunduyu akupita kuti?”

Asiyatu anadzutsa mutu, osamvetsa.

“Ndikufunsa inu, amayi aang'ono. Amayi aakulu atisiya dzana. Nanunso mutisiye lero? Ana anufe tizikadya kuti?”

Bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, kutchula mtsikana wobadwa dzulo kuti amayi! Ine ndinaseka, ndikulira nthawi yomweyo, mamina ndi misozi pamodzi. Asiyatu anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. A Layisoni sanaseke. Anawerama, ananyamula chikwama chija okha, n'kulowa nacho m'nyumba.

Sabata yatha Asiyatu anazira khonde lonse ndi dothi latsopano lakuda. Anasiya malo amodzi okha, pafupi ndi chitseko, pamene pansi panakumbika pang'ono chifukwa cha kukhalapo munthu mmodzi zaka zambiri, ndipo pakhoma pali banga la mafuta pamene mutu unkatsamira. A Layisoni amabwera m'mawa uliwonse. Amakhala kumanzere kwa malowo, Asiyatu kumanja, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumadandaula kuti amayi aang'ono amaumira shuga. Akuphunzira kukangana, koma onse awiri sanafikepo. Mkangano ukafika pamene pankafunika mawu aja othetsa zonse, amangoti chete, aliyense n'kuyang'ana pakatipo.